Zigamba za Delphine pa Golide

Delphine Gaudreau anali wanzeru, palibe amene ankatsutsa, koma kudikira kokha Mulungu anam'mana. Zaka zisanu anathera m'chipinda chapansi pa yunivesite ina ku Quebec, akuyesa kuluka ukonde pa kachidutswa ka golide kochepa ngati chikhadabo. Ulusi wake unali mamolekyulu, tinthu tosaoneka ndi maso. Ukatiwaza pa golide wotentha m'thanki yopanda mpweya, timayendayenda tokha, tikakumana n'kugwirana, mpaka kupanga ukonde wonga chisa cha njuchi. Koma tikayambira malo ambirimbiri nthawi imodzi, pamatuluka tizigamba ta misoko yokhota. Delphine ankapeza zigamba zokhazokha.

Pulofesa Lachance anali atanena mosapsatira kuti popanda chithunzi cha ukonde umodzi waukulu pofika kumapeto kwa Epulo, digiri yake ya udokotala wa sayansi idikira chaka china. Mtsikanayo mtima unali m'mwamba. Akaona kuti zikuchedwa, ankatsegula mpopi wa mamolekyulu kwambiri, kuwonjezera moto, kusuzumira, kuwonjezeranso.

"Mayi dokotala, mukuwaza ngati mpunga wa paukwati," ankatero a Réjean, mkulu wosamalira makina, yemwe tsitsi linamuyerera m'chipinda chomwecho. "Tinthuti sitikonda phuma. Kodi nyemba zanu kunyumba zimapsa?"

"Ndimagula za m'chitini, a Réjean."

"Ndimadziwa ine!"

Loweruka lina m'Malichi linali tsiku la mwambo wa gulu lawo, lopita kuthengo kumsasa wophikira manyuchi a mitengo ya mapulo. Chaka chilichonse ankapita onse, ngakhale wodwala chimfine. Delphine anakana. A Réjean anangoima pakhomo atanyamula jekete la mtsikanayo, galimoto ikulira panja.

"Mphindi zisanu zokha!" anapempha Delphine.

"Munatero chaka chatha, tinapeza mazira atazizira. Tiyeni."

Potuluka mothamanga Delphine anapotokola mpopi, koma sunatsekeke wonse. Moto wa pansi pa golide anauyiwaliratu. Anakumbukira ali kale kumsasa kuja, patebulo lalitali, nyemba ndi nyama yankhumba zikusambira m'manyuchi. Mayo ine! Anadzuka kuti abwerere, koma kunja kunali kutayamba mvula yomwe imaundana ikangofika pansi, msewu uli tereretere ngati galasi, apolisi atautseka. Anzake ankathira manyuchi otentha pa chipale chofewa n'kumakulunga pa timitengo, iye ali ndwii pawindo. Anagona komweko, ndipo anafika kuntchito Lamlungu madzulo ali wokwiya ndi dziko lonse.

Lolemba m'mawa anaika golideyo pa makina oonera, aja a singano yopapasa pamwamba, pongofuna kuona kukula kwa chiwonongeko. Chithunzi chinayamba kutsika pakompyuta mzere ndi mzere. Maso a ukonde, onse ofanana. Anasuntha singano kumanja: omwewo. Kumanzere: omwewo, opanda msoko ngakhale umodzi. Mamolekyulu ankadontha pang'onopang'ono, ndiye anayambira malo amodzi okha, obwera pambuyo n'kumangolumikiza m'mphepete.

Delphine analira, osati pang'ono. Chimwemwe chinalipo, koma manyazi ndiwo anachuluka.

Pulofesa Lachance anatsika, navala magalasi, nayang'ana nthawi yaitali.

"Delphine, ichi n'chokongola. Unachita bwanji?"

"Ndinali... ndinasintha njira, Pulofesa."

"Njira yake ndi yoti mwiniwake akhale kutali makilomita makumi asanu ndi atatu, akudya nyemba," anatero a Réjean ali kuseri kwa thanki. "Mulembe choncho m'buku lanu la digiri."

Pulofesa anaseka mpaka kutsokomola, kenako nkhope inabwerera m'malo. Kamodzi ndi mwayi chabe, anatero. Delphine achitenso kawiri, maola makumi atatu ulendo uliwonse, osakhudza kanthu, ndipo zikatuluka chimodzimodzi tsiku la mayeso alilemba.

Lachiwiri m'mawa Delphine anakonza zonse, mpopi n'kuusiya ukudontha monga muja. Dzanja linanyamuka lokha kulunjika pa moto. A Réjean anakhosomola, natambasula chikhatho.

"Kiyi."

"Ndingoona kamodzi kokha masana..."

"Kiyi, mwanawe. Digiri yako ikudziphika yokha m'menemo. Mdani wake watsala mmodzi, ndipo ndikumutulutsa panopa."

Delphine anapereka kiyi wa chipindacho. Chitseko chinatsekedwa, iye n'kukwera masitepe mpaka panja, pomwe chipale chinali kusungunuka m'mbali mwa msewu. Anaima pamenepo manja ali m'thumba, mayi wa zaka makumi atatu, osadziwa kuti anthu amapita kuti Lachiwiri m'mawa, nthawi ya ntchito.