Kasitima ka ba Dyton na Penti ya Minibasi

Iwe mnzanga, wasowa. Khala pansi umve ivi data ikalibe kusila.

Pa yadi yathu mu komboni ya George panali ba Dyton, madala bamene banasewenza ku njanji kudala. Pansi pa bedi yao panali kasitima. Osati kadoli ka pulasitiki iyayi. Ka chitsulo na mkuwa, kutalika monga mkono, kofaka madzi na moto, koyenda na nthunzi monga sitima zakale. Banakapanga beka ku wekishopu bakali anyamata. Ise tinakula tiona chabe mphuno yake yakuda tikalowa kupempha machisi.

Manje miyendo ya madala yafoka, ndiye mwana wao ba Rosemary banabwela kuti babatenge bakakhale nao ku Kaunda Square. Pomanga katundu banakamba kuti vitsulo vakufa sivizakwela motoka, ako kazapita kwa ogula sikilapu. Ba Dyton banayankha kuti sikanafe, kagona chabe. Ba Rosemary ati ngati kagona kauke pa Chiwelu, kakakanga, wa sikilapu ali pa kona.

Tinakadonsa. Mu kathanki kake munali mwala woyela, uja ugwila mu ketulo chifukwa cha madzi yathu. Tinathilamo viniga, kanagona nayo. Levy wowotchelela mawindo anatipangila njanji na vitsulo votsala. Ba Dyton banali kudontheza mafuta pa mawilo uku basimba vakale: ati sitima ikalila m'mawa komboni yonse inali kudziwa nthawi kopanda wotchi, ati bakazi bao ba Elesi, bamene banatisiya ine nikalibe kubadwa, banali kubapelekela tiyi mu botolo ya sosi, yokulunga mu sokosi kuti isazizile.

Koma kasitima kanali bii, penti yokhuthala monga ya pa chitseko. Ine na mutu wanga uyu ninaona kuti ku Kaunda Square sikangapite kooneka monga malilo. Madala bali ku tchalitchi, ninakanyamula kwa Given, uja apenta maminibasi. Given sapala penti yakale, afaka chabe pamwamba, basi ibwelele pa msewu. Kanabwela koyela mbee na mzele wa olenji, kumbuyo kolembewa OSANIKONKHA NAINE NASOWA. Ba Dyton banakayang'ana nthawi itali, banafunsa chabe ngati kondakitala nizakhala ine.

Pa Chiwelu yadi yonse inazungulila. Tinaphwanya malasha ting'onoting'ono, moto tinapala pa mbaula ya ba Mwiche baneba bathu, madala bakupiza na kadibodi. Zii. Ba Rosemary banayamba kuyang'ana pa foni. Wa sikilapu anasendeza wilibala yake pafupi, alibe na nsoni.

Kenaka kanayamba kulila pansipansi monga ketulo. Na kununkha. Penti ya minibasi sidziwa moto, mnzanga. Inatupa, inachita matuza, inayamba kusendeka monga kandolo yoocha, na yakuda ya pansi inachoka nayo pamodzi. Given, amene anabwela kuonelela, anakumbuka kuti ali na kasitoma, anazemba.

Pansi pake panatuluka gilini wakale, na malemba ya mkuwa pambali: ELESI.

Ba Rosemary banatsitsa foni.

"Batate, iyi ni dzina ya amai."

"Ndinapaka yakuda titabwerako kumanda kokaika amai ako," banatelo madala mu Chichewa chao chija cha kwao. "Sindinakayatsenso."

Banakankha kachitsulo na chala. Kasitima kanagwedezeka, kanatsokomola madzi, kanayenda. Pang'onopang'ono, utsi pamwamba, tumapenti tugwa m'mbali, mpaka pothela njanji ya Levy, pa mapazi ya ba Rosemary. Madala banakoka kawaya, kanaliza mluzu. Ba Mwiche banapukuta maso, ati ni utsi.

Palibe anakambako va sikilapu. Katazizila, ba Rosemary banamasula chitenge chao, banakakulunga, banakakhazika pamiyendo kutsogolo kwa motoka. Wa wilibala anapita chabe na mbaula yobooka yamene anatola pa yadi.

Pansi pa bedi paja manje pagona sutikesi ya watenanti watsopano. Given akali kuuza banthu kuti penti ija anaipanga dala kuti ichoke.

Nanga kwanu, pansi pa bedi ya bakulu pagona chani chamene bakuletsani kutaya? Nilembeleni apa pansi. Wabodza nizamudziwa, ni nchito yanga.