Bibliyoteka ya a Policarpo ilowa mu kaseti

Nthawi ya nkhondo ija, mabuku a mu bibliyoteka ya pamishoni sankawerengedwa ayi, ankasutidwa. Asilikali akadutsa ankang'amba masamba n'kupichiramo fodya. A Policarpo, osunga mabukuwo, ankangoyang'ana mbiri ya dziko lonse ikutuluka m'mphuno mwa anthu.

A Padiri anawauza mosabisa: "Mabuku akatha, chipinda chino tisungiramo nyemba. Inu mukagwire khasu."

Khasu! Munthu wa manja ofewa ngati mbatatesi yophika!

Mwamwayi a Padiri omwewo anachokera ku Kalomwe ndi wailesi yojambula mawu ndi kaseti imodzi, koma mapilya, mabatire ake, ayi. A Policarpo analumikiza nthambo ya wailesiyo ku dinamu ya njinga, njingayo n'kuikhazika pa njerwa, akazi awo a Rufina n'kukwerapo.

"Palasani, mayi, tikupulumutsa maphunziro."

"Kupalasa kosafika kulikonse? Bwenzi pano ndili ku Lifidzi kwa amayi anga."

Bambo kuwerenga mokweza, mayi kupalasa. Buku likatha ankatembenuza kaseti ija n'kuyamba lina pomwepo. Zoti mawu atsopano amafufuta akale, akanawauza ndani? Ankaiyesa m'manja n'kugwedeza mutu. "Ikulemeratu, Rufina. Jogirafiya yalowa."

Buku lowerengedwa ankalipereka okha kwa asilikali, monyadira. "Sutani, akuluakulu. Ameneyu ndi gaga, ufa tachotsamo."

Matabwa a mabuku atayera mbee, a Policarpo anaitana a Padiri ndi mpingo wonse kuti adzamve.

"Chete!" anakuwa a Policarpo. "Muno ndi mu bibliyoteka!"

A Rufina anakunga chitenje n'kupalasa. Mawu a amuna awo anatuluka mu wailesi: "Nyemba zisungidwe m'chipinda chouma, chopanda katundu wina." Linali buku lomaliza, la ulimi. A Policarpo anatembenuza kaseti: nyemba. Anaigwedeza, anaiwuzira, anaiopseza ndi nsapato: nyemba basi.

"Mwadzimvera nokha," anatero a Padiri. "Bibliyoteka yanena."

Matumba a nyemba analowa mawa lake. Koma a Policarpo sanadzuke pampando wawo. Anayamba kubwereketsa nyembazo monga ankachitira mabuku: tengani mbale imodzi, mudzabweze mukakolola, musang'ambe. A Padiri ataona khamu pakhomo, khamu limene mabuku sanaliitanepo chiyambire, anangowasiya. Khasu silinawakhudze.

Mpaka nkhondo kutha, munthu akangotsokomola m'menemo, a Policarpo ankamutulutsa panja, amvekere ukusokoneza nyemba.