Kalendala ya ku Garaja

Pofika teni koloko, mayi wamasiye anali atachapa mabulangete a alendo, kubweza mipando kwa aneba, kusambitsa mwana ndi kukolopa chipinda chimene mwamuna wake anadwaliramo miyezi inayi. Linali tsiku lachisanu chimuikireni m'manda. Kuseri kwa diso lamanzere kunali kutayamba kugunda, ndipo fungo la sopo linkamuchititsa nseru.

Mlamu wake, mlongo wa malemu, analowa ndi katoni yochokera ku garaja kumene mwamunayo ankagwira ntchito: masipanala, ovololo yamafuta, chitini cha mabawuti ndi kalendala. Kalendalayo anaiyala patebulo, pamaso pa bambo ake amene ankamwa tiyi.

"Ababa, taonani ntchito za mwana wanu. Mwezi uliwonse, tsiku limodzi lozungulizidwa ndi inki yofiira. Anzake akuti tsiku limenelo ankaweruka msanga, kusamba m'manja mpaka m'zikhadabo, ulendo wa ku famase. Ndipo kumeneko kuli kamtsikana kogulitsa mankhwala, kosekerera aliyense."

"Achimwene anu sanali otero," anatero wamasiyeyo.

"Iii, alamu, mkazi ndiye amamva pomalizira. Mawa kakatulukira pano ndi mwana kumbuyo, kakufuna gawo la nyumbayi, mudzati chiyani?"

Mkuluyo anaika kapu pansi. "Ngati kuli mdzukulu kwina, ndiyenera kudziwa. Mawa ndipita ku famaseko."

Wamasiyeyo anayang'ana masiku ofiirawo ndipo anawazindikira onse. Koma nkhani ya kumwezi ungaiyambe bwanji pamaso pa apongozi aamuna? Akakhala chete, mawa mtsikana wosalakwa akanyozedwa pa ntchito pake, ndipo dzina la malemu lisanduka nkhani ya mumsewu. Anapukuta manja.

"Masiku amenewo ndi anga, bambo."

"Anu bwanji?"

"Ndikatsala pang'ono kupita kumwezi ndimadwala mutu waching'alang'ala. Kusanza, kudana ndi kuwala, masiku awiri chigonere. Adokotala anati ndiziyamba mapiritsi kutatsala masiku awiri, m'mawa ndi madzulo, nditadya, mpaka masiku asanu. Ndikadikira kuti mutu ukule, mankhwala sagwira. Ine ndi matewera ndi msika, ndinkaiwala. Iwo ndiwo ankawerenga, n'kukagula. Ankati oilo sathira injini itagogoda kale."

Mkuluyo anatsokomola, maso ali pa nsapato zake. Mlamu uja anakokera kalendalayo pafupi. Anatembenuza tsamba, kenako lina.

"Nanga awa? Miyeziyi sinafike."

Mizere yofiira inkapitirira mpaka Disembala, koma iyi inali yokhotakhota, ina yosakumana bwino. Wamasiyeyo anakumbukira tsiku lina la mwezi watha, pamene mwamuna wake, miyendo ili gwedegwede, anakakamira kuti apite ku garaja. Akuti akaone ngati masipanala ake onse alipo. Anakangana pakhomo, mpaka anamuuza kuti ndi wouma mutu ngati tayala. Anabwerako patatha maola awiri, atamugwirizira mnzake, ndipo sanadzukenso.

Wamasiyeyo anabweza tsamba. Tsiku la lero linali lofiira.

"Ndiye n'chifukwa chake mukutsinzina diso limodzi kuyambira m'mawa?" anafunsa mlamuyo, mawu atatsika. "Mankhwalawo muli nawo?"

"Anatha. Ndi malirowa, ndani akanakumbukira?"

Mlamuyo anakhuthula katoni yonse. M'matumba a ovololo munalibe kanthu. Atatsegula chitini cha mabawuti, munalibe bawuti ngakhale limodzi. Munali timapaketi ta mapiritsi, tomangidwa ndi mphira yodula ku chubu, kalikonse kolembedwa dzina la mwezi. Pa kapamwamba panali chidindo cha chala chamafuta ndi mawu awiri: "Uyambe wadya."

Mkuluyo anawerenga, milomo ikuyenda. Kenako ananyema buledi wake pakati, n'kukankhira mbale kwa mpongozi wake.