Dzira Loyandama

Dzira lachitatu nalonso linang'ambika, chigoba chikuchoka ndi mnofu womwe. A Stoyko analiponya m'mbale n'kutola lina.

Linali tsiku lachisanu ndi chinayi chiikireni m'manda mkazi wawo, a Tsveta, ndipo anthu ochokera kumanda ankayembekezeka kudzadya masana. Mkuluyo analawirira kukhola, n'kuwiritsa yekha mazira makumi awiri. Ankafuna ana ake aone kuti angathe kukhala yekha, pakuti mwana wawo wamwamuna, Velko, ankati nyumba igulitsidwe, bambo akakhale naye kumzinda wa Plovdiv, m'chipinda cham'mwamba komwe nkhuku sizifika.

Radka, mwana wamkazi, atafunsa ngati mazirawo anali a lero, bambowo anavomera monyadira. Iye anawauza motsitsa mawu kuti dzira latsopano silisendeka, n'chifukwa chake amayi ankayamba awasunga sabata yathunthu.

"Zaka zonsezi, mdala, mumayesa nkhuku zimaikira osendasenda?" anatero Velko akuseka.

Radka sankafuna kuti bambo ake asamuke. Anatsikira mosungira zakudya, n'kubwera ndi dengu la mazira lomwe amayi anasiya, komanso beseni la madzi ozizira. Anafotokoza kuti dzira logona pansi pa madzi ndi latsopano, loimirira ndiye lowiritsa, loyandama n'lovunda. Kenaka anakankhira beseni kwa bambo ake kuti asankhe okha, mchimwene wakeyo aone kuti ntchitoyi ndi yophweka.

A Stoyko anaika dzira m'madzi, n'kuwerama nthawi yaitali.

"Lagona," anatero.

Dzira linali likuyandama pamwamba penipeni.

Velko analeka kuseka. Anagwedeza dzanja patsogolo pa nkhope ya bambo ake, koma maso aja anangoti tong'o pakhoma.

"Chaka chachiwiri chino ndimangoona zithunzithunzi," anatero mkuluyo. "Amayi anu anati musadziwe, mungatizule pano."

Apo m'pamene Radka anamvetsa chifukwa chake amayi, munthu wofatsa uja, anayamba kutchula mokuwa dzina la mlendo aliyense akadali pachipata. Koma iye sakanatha kutsala pano kuti aziwasamalira bambo ake. Mwamuna wake, ana ake ndi ntchito yake zinali kutali. Velko anangoti galimoto yowatenga bambo inyamuka Lamlungu.

A Stoyko anapukuta manja, nati nkhuku sizinadye. Pakhomo anatambasula dzanja n'kugwira chingwe chomwe anawo ankati n'choyanikira zovala, ngakhale chinamangidwa chofika m'chiuno basi. Radka anachitsata ndi maso. Chinkadutsa pachitsime mpaka kukhola, ndipo paliponse pomwe panali mwala kapena potsetsereka, a Tsveta anamangapo mfundo.

Mkuluyo anayenda pang'onopang'ono. Atafika pamfundo yoyamba anaima, n'kukweza phazi.