Mpukutu Wachisanu

Lamlungu, pa 15 Malichi 1959, kalabu yathu ya mafilimu ku Millau inabwereka filimu ina ya mu 1937, ya akazi awiri apachibale ochapa zovala. Anaijambula m'tauni mwathu momwemu. Filimuyo inali yokulungidwa m'mipukutu isanu, ndipo mu wachisanu, womaliza, amayi anga amadutsa pamsika atanyamula dengu. Anamwalira ndili ndi zaka zitatu, ndipo ndinali ndisanawaonepo akuyenda. Filimuyo inayenera kunyamuka pa sitima ya 6 koloko madzulo omwewo.

Mwambo wa kalabu ndi woti mlendo ayambe walankhula nyali zisanazime. Mlendo wake anali a Rouquette, mphunzitsi wa ku Montpellier. Anapatsidwa mphindi khumi, iwo n'kudya ola lathunthu. Anatilongosolera kuwala kwa nsalu zoyanika m'mbali mwa mtsinje, ndi mmene kamera imadikirira wamkulu mwa akazi awiriwo amalize kupinda nsalu asanayankhe mwamuna womufunsira. Zonsezo zinali zoona, koma tikanaziona tokha.

Mpukutu wachitatu utatha, woonetsa filimu anatsika kudzanena kuti nthawi yatsala ya mpukutu umodzi basi.

Ndinaimirira n'kupempha kuti tidumphe wachinayi. Anthu anang'ung'udza ngati ndatukwana m'tchalitchi. Mayi Cabrol, ogulitsa mankhwala, anandifunsa ngati buku ndimaliyambira kumapeto. Tcheyamani anati aweruze ndi bambo anga, a Anselme, popeza anayambitsa nawo kalabuyo, komanso wonyamula dengu uja anali mkazi wawo.

"Ababa, nenani," ndinatero.

"Odile, mwana wanga, filimu si soseji yoti uzingodula pamene wafuna. Wachinayiwo ndi umene uli ndi mvula ija."

"Inu munawaona kale. Ine ayi."

"Ndiye udzawaone bwino, osati mozembera ngati wakuba."

Anawaombera m'manja, ndipo tinaonera wachinayi. Mvulayo ndi yokongoladi: dziko lonse phee, akazi awiri akuthamangira nsalu, palibe wolankhula. Zimenezi zinangondiwonjezera ukali.

Nyali zitayaka, a Rouquette anadzipereka kutifotokozera mmene filimuyo imathera. Sindinadikire. Ndinatsatira woonetsa filimu ndi zitini zake za mipukutu mpaka ku siteshoni, komwe anandiuza kuti Lamlungu lotsatira idzaonetsedwa ku Rodez.

Bambo anandipeza pawindo la matikiti ndikufunsa za ku Rodez, ali wefuwefu, chipewa chili m'manja.

"Gula awiri," anatero. "Koma tikafike isanayambe. Ine filimu sindiilowera pakati."

Ndinagula imodzi.