Mafuta a Bambo Frane

Kunyumba yosungirako okalamba ya ku Lewisham, mumzinda wa London, komwe ndimagwira ntchito, manijala wathu Marjorie amakonda kwambiri chikhalidwe cha anthu, bola chikhale chopachika pakhoma.

Mlungu wa zikhalidwe utafika, iye anamwaza mbendera paliponse. Bambo Frane, nkhalamba ya zaka 88 yochokera ku Croatia, anawapatsa tebulo lawolawo. Kwawo ndi kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja, ka anthu osakwana zikwi ziwiri, koma akayamba kukatama mungaganize kuti London ndi msika wa kumeneko. Tchalitchi cha miyala, abulu, amuna oimba atazungulirana popanda ng'oma. Ine ndinkangovomera.

Chaka chilichonse mdzukulu wa mlongo wawo ankawatumizira mafuta a maolivi a m'munda wa bambo awo, m'botolo lapulasitiki lopanda lebulo. Chaka chino Marjorie analiona.

"Lilibe tsiku lothera ntchito, ndiye sangadye," anatero. "Koma likongoletsa tebulo."

Mafutawo anaikidwa pambali pa mbendera, alendo n'kumawajambula. Eniake, Bambo Frane, anasiya kudya. Tsiku loyamba anakankha mbale, lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu lamba wa thalauza anafunika bowo lina. Marjorie analemba m'faelo kuti alibe chilakolako cha chakudya. Nzeru zotere amakaziphunzira kuyunivesite.

Ine zinandipweteka. Fidelis, mnzanga wa ku Chipata, anandichenjeza: "Iwe Winfrida, uzachosedwa nchito. Sponsorship ya visa yako ili mu manja mwa uja muzimai." Ndinamva, koma Lachinayi masana, Marjorie ali pamsonkhano, ndinabisa botolo lija m'epuloni n'kulowa kukhitchini.

Apa ndi pamene ndinaonetsa ukatswiri wanga. Kwathu ku Ntcheu mafuta ndi okazingira, basi. Ndinasenda mbatatesi, n'kukhuthulira mafuta m'poto mosaumira, monga amachitira munthu wokonda mnzake. Tchipisi chinatuluka chofiirira bwino. Ndinapita nacho kuchipinda kwawo ndikudzimva kuti ndapulumutsa munthu.

Bambo Frane ananunkhiza mbale, kenako anayang'ana botolo lomwe linali m'dzanja langa. Munatsala timafuta ta pansi penipeni.

"Mwawaphika?"

"Eya bambo, kuti mudye."

Kenako anandiuza kuti kwawo mafuta atsopano saikidwa pamoto. Amawadontheza pa buledi, n'kuwaza mchere, basi. Anatsegula dirowa n'kutulutsa kalata ya mdzukulu uja. Chinenero chawo sindichidziwa, ndiye anandimasulira: munda wagulitsidwa, akumangapo nyumba za alendo odzaona nyanja, mitengo yonse aigwetsa kale. Botololi linali lomaliza.

Manyazi anandigwira. Marjorie anangowatsekereza mafutawo. Wowatha ndinali ine, mayi wachifundo.

"Bweretsani buledi," anatero Bambo Frane.

Ndinabweretsa. Anadontheza otsalawo mosamala pa bulediyo, n'kumunyema pakati. Chidutswa chachikulu anapatsa ine.

"Idyani, mudziwe chimene mwakazinga."

Mafutawo anali owawa, okanda pakhosi. Ndinatsokomola mpaka misozi, iwo akutafuna pang'onopang'ono chakudya chawo choyamba m'masiku anayi.