Ndege ya Mpando Umodzi

A Olindo Basso anali kalipentala wa zitseko ndi mafelemu a mawindo, ndipo nyumba zambiri za m'tauni mwawo zinkatsekedwa ndi ntchito ya manja awo. Koma ukafunsa kuti a Olindo ndi ati, palibe ankatchula zitseko. Anthu ankangoti, "Aja a ndege aja."

Ndegeyo anaipanga zaka khumi ndi zitatu m'shedi ya kuseri kwa nyumba. Kuyendetsa anaphunzira ali mnyamata pa kabwalo ka ndege ka udzu komwe kali kuseri kwa nkhokwe za soya, ndipo sanakuiwale, chifukwa ankabwereka ndege ya kalabu ya oyendetsa ndege mwa apo ndi apo. Mapulani anawapeza kwa mkazi wamasiye wa mkulu wina amene anamwalira atangocheka matabwa oyamba. Inali ndege ya kapangidwe kakale, mapiko pamwamba, woyendetsa mutu pamtunda, thupi lonse la mtengo ndi nsalu.

Matabwa a mtengo wolimba koma wopepuka wotchedwa freijó ankasankha okha, limodzilimodzi, ndipo lokhala ndi mfundo ankalibweza ngakhale wogulitsa anyinyirike. Nthiti za mapiko zinalipo makumi atatu, iliyonse ya timitengo towonda ngati pensulo tomatidwa ndi guluu. M'miyezi yozizira guluu ankachedwa kugwira, moti nthiti imodzi inkadya sabata yathunthu. Akazi awo, a Nair, ndiwo anasoka nsalu ya mapiko, n'kuisita ndi simbi yawo ya zovala mpaka inakungika ngati chikopa cha ng'oma. Injini inali ya galimoto yakale, yosatha kunyamula anthu awiri, choncho mpando unali umodzi. A Nair sanadandaule nazo.

"Ine kumwamba ndidzapita kamodzi kokha," ankatero, "ndipo sindidzafuna pulopela."

Loweruka lililonse kunkabwera Telmo Weirich, woyendetsa ndege zopopera mankhwala m'minda, munthu wamimba yaikulu ndi pakamwa posatopa. Ankafika ndi chikho cha tiyi wowawa wa kumeneko m'manja, fulasiki ya madzi otentha m'khwapa, kukhala pa chitini cha vanishi n'kuyamba chipongwe.

"Mdala, wadiropu yanu ya mapikoyi idzatha liti? Ndili ndi majekete osowa popachika."

"Iwe umayendetsa thanki ya poizoni. Usamalankhule pamaso pa ndege."

"Chiswe chikadzangomva fungo, mudzatera mutagwira pulopela yokha."

A Olindo ankalandira chikho, kuyamwa tiyiyo ndi kapaipi mpaka chilire, n'kumubwezera osamuyang'ana.

Anaimaliza ali ndi zaka 67. Anaipaka chikasu ndi mzere wofiira m'mbali, naipititsa ku bwalo pa lole ya mnansi, mapiko atawakulunga m'mabulangete. Woyendera wochokera ku boma anatha tsiku lonse akusuzumira m'thupi mwake ndi tochi, ndipo madzulo anasaina. Chinatsala ndi chimodzi: chiphaso cha a Olindo cha kuchipatala chinali chitatha.

Panali chinthu chimene sanauze munthu. Kawiri konse chaka chimenecho, ali okha m'shedi, maso anachita mdima, ndipo anadzidzimuka atakhala pansi pa utuchi osadziwa kuti afikapo bwanji. Anapita kwa dokotala wa oyendetsa ndege mumzinda, maola awiri pa basi, atavala malaya a kutchalitchi. Dokotalayo, mayi wachitsikana wolankhula motsitsa, anawamata mawaya pachifuwa nayang'ana pepala nthawi yaitali.

"Bambo Basso, mtima wanu umadumpha. Ndi mankhwala mutha kukhala nawo zaka zambiri. Koma za kumwamba sindingakusainireni."

"Dokotala, ndege yake ndi yaing'ono. Ndizikweramo ndekha."

"Ndamva. Koma pansi pake pamakhala anthu."

Atafika kunyumba anapeza a Nair atapakula mpunga ndi nyemba zakuda. Anadya theka, kenako anafotokoza zonse, za kugwa m'shedi zomwe.

"Ndinkadziwa," anatero a Nair. "Tsiku lina munalowa muno utuchi uli kumsana konse ndi m'tsitsi. Munthu sapala matabwa chagada."

Motero ulendo woyamba anauluka ndi Telmo. Linali Lamlungu m'mawa. Anthu anabwera ndi mipando yopinda, ena anakoleza makala n'kuyamba kuwotcha nyama pafupi ndi mpanda. Telmo anadzipanikiza m'mpando uku akubuula.

"Mpandowu munapima pa matako a ndani, mdala?"

"A munthu."

A Olindo anamumanga malamba okha, napita kutsogolo, nazungulitsa pulopela ndi manja. Injini inagwira kachitatu. Ndege inathamanga pa udzu, mchira unadzuka, ndipo isanafike pakati pa bwalo panaoneka mpata pakati pa matayala ndi nthaka. Anthu anawomba m'manja, ena ankawamenya a Olindo pamsana. Iwo anangoima, dzanja pachipumi, kuitsata ikuchepa pamwamba pa minda ya tirigu mpaka khosi linawawa.

Telmo atatera sanachite nthabwala. Anavula magalasi ali m'mpando momwemo.

"Tandiuza," anatero a Olindo.

"Phiko lakumanzere likulemera pang'ono. Ndikasiya ndodo yowongolera ikupendekera uko."

"China?"

"Chinanso chiyani? Ikuuluka, mdala. Ikuuluka ngati inayamba kalekale. M'mwambamo mukumveka fungo la vanishi wanu."

A Olindo anagwedeza mutu, napita kukatenga sipanala kuti akonze phikolo.

Zinakhala choncho zaka zinayi. Loweruka a Olindo ankaisamala, Lamlungu Telmo ankaiulutsa. Ndege ya mtengo siifuna munthu waulesi. Ankagogoda phiko lonse ndi chala, khutu lili pafupi, kumvetsera ngati pali pamene guluu wasiya. Ankatokosa timabowo totulutsa madzi ndi kawaya. Nyengo ikasintha ankamanganso mabawuti a pulopela, popeza mtengo umafufuma ndi chinyezi n'kunyala ndi dzuwa. Chaka china mbewa zinamanga chisa mumchira ndi kutafuna ulusi wa a Nair, ndipo anachita kung'amba nsalu kuti asokenso. Ankadziwa msomali uliwonse wa ndegeyo, koma mmene imakhalira m'mwamba ankangomvera pakamwa pa Telmo: kuti imanjenjemera pang'ono ikamakwera, kuti imakonda kutera mofatsa, kuti mphepo yam'mbali imaikwiyitsa.

Lachitatu lina la mwezi wa June a Olindo anauza a Nair kuti akukasintha oyilo. Kunali kozizira, kumwamba kopanda mtambo, udzu uli mbuu ndi chisanu. Pa bwalo panalibe munthu. Anakankhira ndege panja, namanga mchira pa chikhomo, naliza injini, namasula chingwe, nakwera. Mpandowo unawakwana bwinobwino.

Anaiyendetsa mpaka kumapeto kwa bwalo n'kuitembenuza. Kutsogolo, kuseri kwa mpanda wa mbali inayo, kunali nyumba zatsopano zimene zinamangidwa zaka zomwezo, ndipo pa ina mayi wina ankayanika zovala. A Olindo anamuona. Anakankhabe chowonjezera moto mpaka kumapeto.

Mphepo inawamenya kumaso. Mchira unadzuka monga ankauonera Lamlungu lililonse, ndodo inayamba kulimba m'dzanja, kugwedezeka kwa matayala kunayamba kuchepa. Pomwepo mtima unachita zake zija. Unaphonya kamodzi, ngati phazi losowa sitepe, ndipo m'mbali mwa maso munayamba kuda. Anabweza moto n'kuponda mabuleki ndi mphamvu zonse. Ndege inagwada chamutu, pulopela inakumba nthaka n'kuthetheka, ndipo zonse zinangoti zii. A Olindo anatsala akulendewera pa malamba, mchira uli m'mwamba, akumva petulo akudontha.

Mlonda wa nkhokwe za soya ndiye anawatsitsa, naimbira Telmo. Telmo anafika pa galimoto yake atavala zogonera m'kati mwa jekete. Anayang'ana a Olindo, anayang'ana ndege, anayang'ananso nyumba zija.

"Mukanagwera pa denga la munthu, mdala."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa. Nanga ine ndikanakawauza chiyani a Nair?"

Awiriwo anatsitsa mchira, natola zidutswa za pulopela. Patapita nthawi Telmo anafunsa, mawu atatsika, "Koma inanyamuka?"

"Sindikudziwa."

Anabwerera m'mbuyo potsata mizere ya matayala pa udzu wachisanu. Panali malo, ngati mapazi khumi ndi awiri, pamene mizereyo sinkaoneka.

"Apa," anatero Telmo. "Mwaona? Munauluka."

A Olindo anaponda pamalopo ndi nsapato. "Pano m'potsetsereka. Ngakhale thalakitala yotchetcha imadumpha pamenepa."

A Nair sanakalipe. Anakhala masiku atatu osawalankhula, akungowaikira mapiritsi pambali pa mbale. Tsiku lachinayi anati, "Mukafuna kufa, mudzafere pamene ndingakupezeni," ndipo nkhaniyo sinatchulidwenso.

Pulopela yatsopano inawatengera miyezi itatu: kumata matabwa asanu, kusema, kupala, kuipachika pa mpeni kuti aone ngati mbali zonse zikulemera mofanana. Akatswiri a injini anaitsegula napeza kuti sinapindike. Telmo anaulukanso nayo Malamlungu owerengeka chabe, kenako anapeza ntchito ku minda ikuluikulu ya ku Mato Grosso, ulendo wa masiku awiri pa msewu, ndipo anasamuka ndi banja lonse.

Oyendetsa ndege achinyamata a pa kalabu ankabwera kudzaijambula, koma palibe anafuna kukwera ndege ya mtengo yopanda denga. Inakhala chaka chathunthu m'shedi ya pa bwalo. A Olindo ankapitabe Loweruka, kuliza injini, kupukuta. Mvula ya chaka chimenecho inali yambiri. Nsalu inayamba kuchita nkhungu kunsi kwa mapiko, ndipo tsiku lina pogogoda pafupi ndi mchira anamva kulira kwa mphako. Anakonza malowo, koma madzulo ake anaimba foni.

"Telmo, bwera udzaitenge. Kuno ikuola."

"Mdala, ndilibe zokupatsani."

"Ndakufunsa zimenezo? Uli ndi denga loiikamo?"

"Denga lilipo."

"Ndiye bwera."

Telmo anabwera pa basi. M'mawa wonyamuka a Olindo anamuyendetsa kuzungulira ndege yonse ngati sanaionepo. Kwanuko n'kouma, mabawuti a pulopela uziwamanga mwezi ndi mwezi. Usamaisiye padzuwa, nsalu imapsa. Uzitchera mbewa. Telmo ankangovomera, ndipo sananene za wadiropu. A Nair anamupatsa buledi ndi soseji m'kathumba, iye nakakankhira m'jekete chifukwa munalibe malo ena. Ndege itanyamuka inazungulira bwalo kamodzi, inapendeketsa mapiko uku ndi uku, n'kulunjika kumpoto. Phokoso lake linamveka nthawi yaitali itasowa kale m'maso.

Miyezi yoyamba Telmo ankaimba pafupifupi sabata iliyonse, kufotokoza kumene wauluka ndi kufunsa za ichi ndi icho. Kenako ankaimba pa Khirisimasi ndi pa tsiku lobadwa. Kenako a Olindo anamva kwa anthu a pa kalabu kuti msana wamuvuta, wasiya kuuluka. Anamuimbira kawiri. Telmo analankhula za msana, za kutentha, za adzukulu, ndipo atafunsidwa za ndege anati ili bwino, n'kusintha nkhani.

Patatha zaka ziwiri, mwana wawo Jussara, amene ankagwira ntchito ya unamwino mumzinda, anabwera kudzacheza Lamlungu. Atatha kudya anawapatsira foni yake.

"Bambo, taonani izi. Ndaziona pa tsamba la anthu okonda ndege zakale. Si yanu ija?"

Pachithunzipo panali ndege yopakidwa buluu, itaima pa dothi lofiira pafupi ndi mpanda wa ng'ombe, popanda mtengo kapena denga. Pambali pake panaima mwamuna wosadziwika wovala chipewa chachikulu, atatsamira phiko ndi chigongono. A Olindo anavala magalasi. Jussara anawakulitsira chithunzicho ndi zala, ndipo iwo anayang'ana mchira, miyendo, malo amene mapiko amalumikizana ndi thupi.

"Ndi yomweyo," anatero. "Aiika padzuwa."

"Mwina anangoitulutsa kuti aijambule," anatero a Nair.

"Taona udzu wamera kuzungulira matayala."

Anapempha Jussara kuti amulembere mwamunayo. Iwo ankanena, iye akulemba, ndipo zinatenga nthawi chifukwa ankabweza mawu ena kuti asamveke ngati akukalipa. Anadzitchula dzina, nanena kuti ndiwo anaipanga. Anafotokoza za dzuwa ndi nsalu, za mabawuti, za malo a pafupi ndi mchira amene anakonzapo ndipo ayenera kumayang'anidwa. Pomaliza anati ngati pali chofunsa, nambala yawo ndi iyi, amakhala pakhomo nthawi zonse.

Jussara anati foni ikuonetsa kuti uthengawo wawerengedwa tsiku lomwelo. A Olindo ankamufunsa akaimba, sabata ndi sabata, mpaka nyengo yokolola soya inadutsa. Yankho silinabwere, ndipo anasiya kufunsa.